Momwe mungazindikirire ndi kudzala duwa la Penstemon digitalis pakhomo

Penstemon digitalis ndi duwa lakutchire la kum'mawa ndi pakati pa dziko la United States. Limamera m'madambo, m'mbali mwa misewu ndi m'mphepete mwa nkhalango, ndipo limachita maluwa oyera kuyambira Meyi mpaka Julaye. Mitundu ya Penstemon ilipo yoposa 250, koma yambiri ndi ya kumapiri ouma a kumadzulo ndipo imafa msanga ikakhala pa dothi lonyowa. Koma uwu sudandaula ndi makande. N'chifukwa chake ndi woyenera kuyambira kwa amene akukhala ku America kapena ku Britain, kumene nyengo yachisanu imazizira mokwanira.

Poyamba tsimikizani kuti mwapeza lenileni. Phesi lake ndi losalala, lotalika masentimita 60 mpaka 120. Masamba a paphesi amakhala awiriawiri moyang'anizana, alibe kamtengo kogwirira, amachita kulikumbatira phesilo, ndipo m'mphepete mwake muli timano ting'onoting'ono. Duwa lenilenilo n'lotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka, lopyapyala kumunsi kenako n'kutupa mwadzidzidzi. Kukamwa kwake kuli milomo iwiri: wam'mwamba wogawika pawiri, wam'munsi patatu, ndipo nthawi zambiri mkati mumakhala timizere tofiirira. Tsopano ling'ambeni ndi chikhadabo. Mupeza tizingwe tinayi tonyamula mungu, ndi kachisanu kopanda mungu, kogona pansi ngati lilime, kokhala ndi ubweya kunsonga. Kachisanuko ndiye chizindikiro cha mtundu wonse wa Penstemon.

Musalisokoneze ndi Digitalis purpurea, duwa lina lofanana nalo lomwe ladzaza m'minda ya ku Britain. Ilo masamba ake ndi aubweya ndipo amakhala limodzilimodzi mosinthana paphesi, komanso ndi lapoizoni. Mukaona phesi laubweya ndi maluwa otuwira mofiirira okhala ngati atseka pakamwa, ameneyo ndi Penstemon hirsutus, m'bale wake wamfupi.

Musakumbe chomera kutchire. M'malo ambiri otetezedwa n'zoletsedwa, komanso mbewu zake n'zosavuta kupeza. Maluwa akayoyoka pamatsala timakoko tolimba tomwe timauma n'kuda chakumapeto kwa chilimwe. Dulani phesi lonse, liikeni chozondotsa m'thumba lapepala, ndipo likauma phwanyani timakokoto. Fungo lake si labwino ayi, choncho ntchitoyi chitirani panja.

Apa ndi pomwe ambiri amalephera. Njere zake sizimera bwino zikapanda kumva kuzizira kwa chinyezi. Sakanizani njere ndi mchenga wonyowa pang'ono, woti mukaufinya usadonthe madzi, ikani m'kapepala ka pulasitiki, ndipo sungani m'firiji pa madigiri pafupifupi 4 kwa masiku 30 kapena kuposerapo. M'firiji, osati mufiriza: njere zouma gwa ndi madzi oundana sizipindula kanthu. Muzisuzumira sabata iliyonse. Mukaona zina zayamba kutulutsa muzu, fesani tsiku lomwelo. Amene safuna zonsezi angofesa panja chisanu chikamayamba, cha mu Novembala, kuzizirako kugwire kokha ntchitoyo.

Pofesa, njerezi zimafuna kuwala. Ziwazeni pamwamba pa dothi la nazale, zikanikizeni ndi chikhatho, osazikwirira. Thirirani powaza madzi pang'onopang'ono kapena poimika thireyi m'beseni la madzi, chifukwa kheni imakokolola njere zonse n'kuziunjika pakona. Pamalo ofunda, madigiri 18 mpaka 21, zimamera pakatha masabata awiri kapena atatu. Mbande zikamagwa zitaola patsinde, ndiye kuti madzi achuluka ndipo mpweya sukuyenda.

Okerani mbande zikakhala ndi masamba enieni anayi kapena asanu ndi limodzi, chisanu chitatheratu. Siyani mpata wa masentimita 30 mpaka 45. Sankhani padzuwa, ngakhale mthunzi pang'ono silikana. Pomwe mizu ikumanirana ndi masamba pakhale pofanana ndi nthaka, osati m'dzenje, ndipo zinyalala zophimbira nthaka zisakhudze pamenepo. Chomera ichi chimapirira makande, koma madzi akamadikha patsinde m'nyengo yozizira chimaola. Feteleza musathire. Nthaka ikanona kwambiri mapesi amatalika mofooka, mvula ikangogwa onse gonee pansi.

Chaka choyamba mudzangoona masamba atayala pansi, popanda duwa. Musazule poganiza kuti zakanika. Maluwa amabwera chaka chachiwiri, ndipo njuchi zikuluzikulu zimalowa m'duwamo thupi lonse. Akafota, dulani mapesi ngati simukufuna kuti lizimera paliponse, kapena siyani ochepa a mbewu. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi, kumbani tsinde kumayambiriro kwa nyengo yophukira, ligaweni ndi mpeni, chigawo chilichonse chikhale ndi mizu yake.

M'masitolo a maluwa mupezamo kwambiri mtundu wa masamba ofiira wotchedwa Husker Red, womwe Dale Lindgren anasankha ku University of Nebraska ndipo unapambana ngati duwa la chaka mu 1996. Ndi wokongola, koma mbewu zake sizibereka ana ofanana: ena amatuluka ofiira, ena obiriwira. Ngati mukufuna kufiirako, uchulukitseni pogawa tsinde, osati pofesa mbewu.