Lekani kuwaza madzi a pamjigo pa ma fern opyapyala

Kuyambira mu Okutobala ndaona vuto limodzimodzi m'manazale a maluwa ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula. Achinyamata ndi amayi a m'magulu akugula ma fern (zomera zosachita maluwa za m'malo achinyontho) a masamba opyapyala aja otsika nawo ku Mulanje ndi ku Thyolo, poyembekeza kukagulitsa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za mabwana. Akawaika pamthunzi wa nimu kapena mango, amatenga kheni n'kupita kumjigo. M'mawa kuwaza, masana kuwaza, madzulo kuwaza. Pakutha sabata ziwiri masamba aja ada bii, apotana, ndipo m'mphepete mwa mphika mwayera ngati mwathiridwa ufa. Mwini wake amati dzuwa lawotcha, nawonjezera madzi. Koma madziwo ndi amene akupha.

Ma fern amenewa, omwe akatswiri amawatcha Hymenophyllum ndi Trichomanes, si ofanana ndi maluwa ena amene mwazolowera. Tsamba lake n'lopyapyala kotheratu, mbali yaikulu ndi mzere umodzi wokha wa maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi la chomera, mwakuti mukaliyang'anitsa ku kuwala mumaona mbali inayo. Lilibe timabowo topumira tija timene timatseka kukatentha, ndipo lilibe chikutu cholimba cholitchinjiriza. Mizu yake ndi tiulusi chabe togwirira pamwala kapena pathunthu la mtengo. Chomerachi chimamwa ndi tsamba lenilenilo. Kwawo kumapiri chimamwa nkhungu, chiperoni ndi madzi owazika a pamathithi, madzi opanda kanthu m'kati.

Nanga madzi a kuno kuchigwa? Palibe munthu wa ku Chikwawa kapena Nsanje amene sadziwa kuti mijigo yambiri ndi ya mchere. Amayi amadutsa mjigo wapafupi kukatunga patali chifukwa wapafupiwo sopo sachita thovu ndipo nyemba sizipsa. Tonse timadziwa zimenezi, komabe madzi amene takana kuphikira tiyi ndi omwe tikuwaza pa chomera chosakhwima kuposa zonse m'nazale. Izi zimandinyansa ndithu. Mukadula tomato n'kuthirapo mchere, pakapita kanthawi m'mbale mumadzaza madzi, chifukwa mchere umakoka madzi kuchokera m'kati. N'zomwe zikuchitika pa tsamba la fern. Ndiye kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, dontho lililonse limauma msanga n'kusiya mchere wake pamenepo. Kuwaza kachiwiri kumawonjezera wina, kachitatu wina. Amene amawaza kawirikawiri chifukwa cha chikondi ndi amene amapha msanga.

Pali chinthu china chimene anthu sachidziwa. Ma fern ambiri a mtunduwu amatha kupirira kuuma kwa kanthawi. Masamba amapindika, amaoneka ngati afa, koma akalandira chinyontho choyera amatambasukanso. Tsamba lopsa ndi mchere silibwerera. Choncho fern amene mwamuiwala masiku awiri ali ndi mwayi kuposa amene mwamusambitsa ndi madzi a pamjigo sabata yonse.

Bambo wina wa kufupi ndi Ngabu, mlimi wa thonje amene wayamba za maluwa chaka chino, anandiitana kuti ndikaone matenda. Anali atagulitsa mbuzi n'kugula thumba lathunthu la ma fern pamodzi ndi ndere zake. Ataona akuda, anagula mankhwala opopera, kenako anasungunula feteleza wa chimanga m'madzi n'kuwazanso. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, madzi amenewa inu mumamwa?" Anati, "Iyayi alangizi, awa ndi ochapira ndi a ng'ombe. Koma bonongwe ndi mpiru ndimathirira omwewa, bwanji sizifa?" Funso labwino. Mpiru umamwa ndi mizu, dothi limagwira gawo lina la mchere, ndipo tsamba lake ndi lochindikala. Ngakhale mpiruwo, akapitiriza zaka zingapo adzaona dimba likuyera pamwamba. Fetelezayo ndiye anamaliza zonse, popeza nayenso ndi mchere. Mbuzi inapita, mankhwala anapita, ndipo bamboyo anali atatumiza kale uthenga kuti amubweretsere thumba lina.

Thumba linalo ndi limene likundiwawa kwambiri. Ma fern awa sakuchokera m'nazale ya munthu. Akupalidwa pamiyala ndi pamitengo m'nkhalango za m'mapiri, ndipo amakula pang'onopang'ono kwambiri, mwakuti malo opalidwa amatenga zaka kuti aphimbikenso. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 silola kuchotsamo zomera popanda chilolezo. Mphika uliwonse wakufa ku Bangula ndi mwala wina wosendedwa kumtunda, komwe kumachokera mtsinje wa Ruo umene umatsira mu Shire pa Chiromo. Khalidwe loti "zikafa tikatenga zina" ndi lomwe latimalizira mitengo m'mapiri a kuno, ndipo tsopano tayamba nalo pa tizomera tating'onoting'ono.

Kwa amene muli nawo kale amoyo, chitani izi. Gwiritsani ntchito madzi a mvula okha. Mvula yoyamba ilekeni itsuke fumbi la pamalata, kenako tcherani m'chigubu choyera n'kutseka. Chigubu chimodzi chikukwanirani nthawi yaitali chifukwa fern safuna kumizidwa. Tsukani zomerazo ndi ndere zake m'madzi a mvulawo, tayani dothi ndi mphika zoyera mchere zija. Ziikeni m'botolo lalikulu la galasi kapena m'ndowa ya pulasitiki yoonekera m'kati yokhala ndi chivindikiro, pansi muike timiyala tonyowa, madzi asafike pa zomerazo. Mthunzi wa mtengo wokha sukwanira, mpweya wa kuno ndi wouma. Ikani pansi m'chipinda chozizira pomwe pali kuwala koma dzuwa silifika ngakhale mphindi imodzi, apo ayi ziphikika m'katimo. Feteleza ayi, mankhwala ayi. Madzi a pampopi nawonso ayi.

Ngakhale mutatero, kutentha kwa Novembala kudzaphabe ena, pakuti ndi zomera za kozizira. Amene mukufuna malonda, bzalani Nephrolepis, fern wa masamba ataliatali uja mumamuona m'makonde a m'tauni. Amapirira kutentha, amachulukana pogawa mphukira, ndipo a malo ogona alendo amagula.