Momwe mungayezere batire la UPS musanagule lina

UPS ndi makina okhala ndi batire amene amapitiriza kupereka mphamvu ku kompyuta magetsi akathima. UPS zambiri zimene zaunjikidwa m'makona a maofesi poganiza kuti zinafa sizinafe ayi. Latha ndi batire lamkati, kabokosi kakuda kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono. Koma palinso ena amene amagula batire latsopano, n'kuikamo, pakatha miyezi iwiri nalonso latha, chifukwa vuto linali m'gawo lotchaja. Choncho pali zoyeza ziwiri: batire lenilenilo pamene likukokedwa mphamvu, ndi tchaja ya m'kati mwa UPS.

Zizindikiro zake n'zodziwika. Magetsi a ESCOM akangothima, kompyuta nayo imazima nthawi yomweyo, kapena UPS imagwira mphindi imodzi pamene kale inkagwira 10. Zina zimalira mosalekeza n'kuyatsa kagetsi kofiira, zina zimakana kuyaka ngakhale magetsi alipo, poti zimayamba zadziyeza zokha ndipo batire likalephera sizipitirira.

Mufunika multimeter (mita yoyezera magetsi), sikuludiraiva, babu la kutsogolo kwa galimoto la 12V 55W, mawaya awiri okhuthala okhala ndi timano toluma kumapeto, ndi wotchi kapena foni yowerengera nthawi.

Kutsegula ndi kuyang'ana

Zimitsani UPS, zulani pulagi kukhoma, chotsaninso zonse zimene zalumikizidwa kumbuyo kwake. Musaganize kuti mwatetezeka chifukwa pulagi yatuluka: batire likadali lolumikizidwa, makinawa angathe kutulutsa 230V pa okha, ndipo makapasita a m'kati amasunga mphamvu kwa kanthawi. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Batire laling'onoli likagundanitsidwa mbali zake ziwiri ndi chitsulo limatulutsa mphamvu yokwanira kufiiritsa waya ndi kuotcha chala.

UPS zambiri za kampani ya APC zili ndi kachitseko ka batire pansi kapena kutsogolo. Zina zotchipa muyenera kumasula chikuto chonse. Jambulani ndi foni mmene mawaya alili, kenako chotsani waya wakuda poyamba, wofiira pambuyo. Gwirani pa kachitsulo kolowetsa, osakoka waya.

Likatuluka, liyang'aneni. Ngati lafufuma m'mbali, lang'aluka, lili ndi ufa woyera pa timitu take tolumikizirapo mawaya kapena likununkha ngati dzira loola, musataye nthawi kuliyeza. Latha, ndipo kufufumako kawirikawiri kumasonyeza kuti linkatenthedwa kapena kutchajidwa mopyola, nkhani imene tiibwerere pansipa.

Kuyeza mavolti

Batire likhale litatchajidwa usiku wonse, ndiye mulisiye lili lokha kwa maola atatu kapena anayi. Likangochoka pa tchaja limaonetsa mavolti okwera omwe si enieni. Ikani mita pa DC 20V, waya wofiira pa +, wakuda pa −.

Batire lodzaza limaonetsa pakati pa 12.7 ndi 13.0V. Likaonetsa 12.3 kapena 12.4V, silinadzaze kapena layamba kukalamba. Pansi pa 12.0V pambuyo potchajidwa usiku wonse, pali vuto, kaya m'batire kaya m'tchaja. Mukaona 10.5V kapena pafupi pamenepo, dziwani kuti m'kati muli tizipinda 6, kalikonse kopereka pafupifupi 2.1V, ndipo kamodzi kafa. Limenelo silikonzeka.

Apa ndi pamene ambiri amasocherera. Amaona 12.8V n'kunena kuti batire lili bwino. Mita sikoka mphamvu iliyonse, choncho ngakhale batire lotheratu lingathe kuonetsa nambala yokongola. Zili ngati mpope umene ukutulutsa madzi mwamphamvu ukangotsegulidwa, koma thanki ili ndi ndowa imodzi yokha.

Kuyeza ndi babu, kumene kumanena zoona

Lumikizani mita ku batire, kenako lumikizani babu la 55W lija. Babu limeneli limakoka pafupifupi 4.5A (A ndi muyeso wa magetsi amene akukokedwa), ndipo limatentha kwambiri, choncho liikeni pa simenti kapena pa njerwa, osati pa tebulo lapulasitiki. Yambani kuwerenga nthawi.

Batire labwino la 12V 7Ah (Ah ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga) limatsika pang'ono nthawi yomweyo, kufika cha m'ma 12.2 mpaka 12.4V, n'kukhazikika pamenepo, kenako limatsika pang'onopang'ono. Lotha limagwa msanga: masekondi ochepa lafika pa 11V, kenako 10, kuwala kwa babu n'kusanduka kofiirira. Mukachotsa babu, mavolti amakweranso kufika pa 12, ndipo kukwerako kusakunyengeni.

Ngati lapirira mphindi zoyambirira, lisiyeni mpaka mita ionetse 10.5V, ndipo pamenepo chotsani babu msanga, chifukwa kulitsitsa kupyola apo kumaliononga. Latsopano la 7Ah limatenga pafupifupi mphindi 50 mpaka ola limodzi kuti lifike pamenepo. Mwina mudabwa kuti 7 kugawa ndi 4.5 kumayenera kupereka ola ndi theka. Nambala ya 7Ah ija amaiyeza pokoka 0.35A yokha kwa maola 20. Mukakoka zambiri, batire la mtovu limapereka zochepa. Likagwira mphindi 40 kapena kuposa, likadali ndi ntchito. Pansi pa mphindi 30, lingathe kuyendetsa rauta ya intaneti kwa kanthawi, koma osalidalira pa kompyuta ya maakaunti. Mukamaliza, libwezereni pa tchaja tsiku lomwelo.

Kumbukiraninso kuti UPS imakoka zambiri kuposa babu. Kompyuta ndi sikirini zodya 200W zimafuna pafupifupi 20A kuchokera ku batire la 12V, n'chifukwa chake ngakhale latsopano siligwira mphindi zopitirira 10 pa ntchito yotere. Limeneli si vuto la batire, ndi kukula kwake.

UPS zokulirapo, za 1000VA ndi 1500VA, nthawi zambiri zimakhala ndi mabatire awiri olumikizidwa motsatana kuti apereke 24V. Alekanitseni n'kuyeza lililonse palokha. Limodzi likapezeka loipa, sinthani onse awiri. Mukaphatikiza lakale ndi latsopano, lakalelo limatha msanga pogwira ntchito, pomwe potchaja amagawana mavolti mosafanana, ndipo latsopanolo limaonongeka nalo.

Kuyeza tchaja

Bwezerani batire, waya wofiira poyamba. Kathetheka kakang'ono polumikiza waya womaliza si kachilendo, ndi makapasita akudzaza. Lowetsani pulagi, yatsani UPS popanda cholumikizidwa kumbuyo, ndipo ikani nsonga za mita pa timitu ta batire pokha, osakhudza china chilichonse m'katimo. Mavolti ayenera kuyamba kukwera, ndipo batire likadzaza akhazikike pakati pa 13.5 ndi 13.8V, kapena 27.0 mpaka 27.6V pa makina a mabatire awiri.

Mavolti akakhala chimodzimodzi ndi mmene analili batire lili panja, tchaja sikugwira. Yang'anani fyuzi kapena kabatani kotetezera kumbuyo, ndi timano ta mawaya ngati tachita dzimbiri kapena takhwepa. Ngati zonsezo zili bwino, vuto lili pa bolodi la zamagetsi la m'kati mwa UPS ndipo n'la amisiri. Mavolti akakhalabe pamwamba pa 14.4V mpaka mawa lake, batire likutentha mukaligwira, tchaja ikuliphika, ndipo lililonse limene muikemo lifufuma.

Chimene chimawapha msanga

Opanga amati mabatirewa amakhala zaka 3 mpaka 5 pa kutentha kwa 20 mpaka 25°C, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wake umadulidwa pakati. Ku Nsanje, Chikwawa kapena Karonga, UPS yoikidwa pansi pa desiki popanda mpweya singafike zaka zimenezo. Kuthimathima kwa magetsi kumaonjezera: tchaja ya UPS yaing'ono ndi yofooka, imafuna maola 6 mpaka 8 kapena kuposa kuti idzaze batire. Magetsi akathimanso lisanadzaze, tsiku ndi tsiku, m'kati mumauma timiyala ta lead sulphate timene sitisungunukanso. Magetsi obwera ofooka kapena jenereta yosakhazikika zimapangitsanso UPS kulumphira pa batire pafupipafupi, ndipo mumamva kakuti "tiki, tiki" m'katimo. Pulinta ya laser, hita ndi ketulo zisalumikizidwe ku UPS konse.

Pogula lina, tengani lakale kusitolo. Mavolti akhale omwewo, msinkhu ukwane m'chipinda chake, ndipo onani timitu: pali ta F1 ta 4.8mm ndi ta F2 ta 6.3mm, ndipo UPS zambiri zimafuna F2. La 9Ah nthawi zambiri limalingana msinkhu ndi la 7Ah ndipo limalowa bwino. Pitani ndi mita, ndipo lokhalitsa pa shelefu loonetsa pansi pa 12.5V likaneni. Lopepuka kwambiri poyerekeza ndi lakale muli mtovu wochepa, kaya palembedwa zotani. Batire la galimoto ena amalilumikiza, koma tchaja yaing'onoyo silikwanitsa, batirelo limatulutsa mpweya woyaka m'chipinda, ndipo thiransifoma yopangidwira mphindi zochepa imatenthedwa ikagwira ola lonse.

Latsopano litchajeni maola osachepera 8 musanaliyese pozula pulagi kompyuta ili yoyaka. Lakalelo muli mtovu ndi asidi, lisapite kudzala kapena kumene ana amasewera. Matani tepi pa timitu take n'kulipereka kwa ogula mabatire akale.