Momwe mungazindikirire mizere ndi ngodya musanagwire protractor

Ana ambiri amalakwa mafunso a ngodya chifukwa chothamangira protractor, chida choyezera madigiri a ngodya, asanachione bwino chojambulacho. Yambani ndi maso, kenako kapepala.

Onani kaye kumathero kwa mzere. Ukakhala ndi dontho uku ndi uku, umenewo ndi line segment, ndipo mutha kuuyeza ndi rula. Ukakhala ndi dontho mbali imodzi, kwinako muvi, ndi ray: umayambira padontholo n'kumangopita osalekeza, ngati kuwala kwa tochi. Wa mivi mbali zonse ndi line. Potchula ray, chilembo cha poyambira chimatsogola, choncho ray AB siyofanana ndi ray BA.

Ngodya imapangika ma ray awiri akachokera padontho limodzi lotchedwa vertex. Mu ngodya ABC, vertex ndi chilembo chapakaticho, B.

Tsopano tengani pepala lililonse, ngakhale long'ambika. Lipindeni kamodzi, kenako pindaninso kuti mbali ziwiri za mpindo woyambawo zigonerane ndendende. Nsonga yatulukayo ndi madigiri 90, right angle. Iikeni pa vertex, mpindo umodzi wa pepala utsatire mzere umodzi wa ngodyayo, pepalalo ligonere mkati mwa ngodya. Mzere winawo ukabisika pansi pa pepala, ngodyayo ndi acute, yosakwana 90. Ukatulukira kunja koma osafika 180, ndi obtuse. Mizere iwiriyo ikawongoka n'kukhala umodzi, ndi straight angle, madigiri 180. Yopyola pamenepo koma yosakwana 360 ndi reflex.

Wotchi ya mivi imathandiza poyeserera, popeza kuchoka panambala ina kufika pa yotsatira ndi madigiri 30. Nthawi ikati 2 koloko mivi imapanga 60, pa 3 koloko 90, pa 4 koloko 120, pa 6 koloko 180.

Apa ndiye tengani protractor. Pakatikati pake pakhale pa vertex, mzere wa ziro ugone pamzere umodzi wa ngodya. Manambala ake ali m'mizere iwiri yoyenda mosemphana, ndipo ambiri amagwera pomwepa: pamalo amodzi pamaoneka 50 ndi 130. Werengani kuchokera ku ziro amene ali pamzere wa ngodyayo. Ngati kapepala kanakuuzani kale kuti ndi acute, 130 sangakhale yankho. Mizere ikafupika osafika pamanambala, italikitseni ndi rula, ngodya sisintha. Kukula kwake ndi kukanuka kwa mizereyo, osati kutalika kwake. Ya reflex, yezani ngodya yaing'ono ya mbali inayo n'kuchotsera pa 360: yaing'ono ikakhala 110, reflex ndi 250.

Pamaziko a nyumba kapepala kachepa, ndiye amisiri amayeza ndi tepi: masentimita 60 chingwe china, 80 chinzake, kuchokera pachikhomo cha pangodya. Pakati pa zizindikiro ziwirizo pakakwana 100, ngodya ili pa 90. Pakapyola 100 yakanuka, musunthe chingwe musanakumbe.