Nsima Ikayamba Kukakamira Kummero: Zoyenera Kuchita

Vutoli limayamba mwakachetechete. Munthu amene ankadya nsima ndi nyama bwinobwino amayamba kukankhira mbamu iliyonse ndi madzi, kenako amapempha phala lamadzimadzi, ndipo zovala zimayamba kumukulira. Zikafika pamenepa, musataye masabata ndi zitsamba kapena mapiritsi a m'golosale. Pitani naye kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu mutatenga buku lake lakuchipatala, ndipo mukafotokoze nthawi imene vutoli linayamba, zakudya zimene zikukanika kutsika, komanso ngati akubweza chakudya kapena kutsamwa ndi malovu.

Pemphani kalata yomutumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti akamuunike ndi endoscopy, kapaipi kokhala ndi kamera kamene amalowetsa pakamwa. Wodwala asadye kanthu kwa maola osachepera 6 asanamuunike. Akapeza chotupa kummero, dokotala amatapa kachidutswa ka mnofu n'kutumiza ku labotale, ndipo zotsatirazo muzilondole ndithu ngakhale thiransipoti ikhale yovuta, pakuti ndizo zimatchula mtundu wa chotupacho.

Mtunduwo ndi umene ndikufuna kutsindika, chifukwa zimandiwawa kuona banja likutaya mtima lisanaudziwe n'komwe. Zotupa zambiri zakummero m'Malawi muno ndi khansa yotchedwa squamous cell carcinoma, koma si zonse ayi. Pali leiomyoma, chotupa chomera mu mnofu wa khoma la mmero, chimene si khansa, ndipo chikamavutitsa amachichotsa pa opaleshoni mmerowo n'kutsala. Pali GIST, mtundu wina wa chotupa chomera m'khoma la mmero, imene nthawi zambiri imamva mapiritsi a imatinib. Palinso khansa ina yotchedwa Kaposi sarcoma, yopezeka makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV, imene imafuna ma ARV, mwinanso pamodzi ndi mankhwala a khansa. Leiomyoma ndi GIST zimabisala pansi pa khungu lam'kati mwa mmero, kotero kachidutswa kotapidwa pamwamba kangathe kuoneka kopanda vuto. Ngati kumeza kukuvutabe, bwererani mukafunse za CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi.

Khansa ikapezeka itakula kale, madokotala angathe kuika stent, kapaipi kachitsulo kotsegula njira kuti chakudya chizidutsa. Gadiyani azimupatsa zofewa pang'onopang'ono wodwalayo atakhala tsonga, monga phala la soya kapena mbatata ya kachewere yokanyakanya ndi msuzi, ndipo ululu ukakula akapemphe morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, kuchipatala cha boma chomwecho.