Giyabokosi ya otomatiki ikamatentha, yambirani pa oyilo

Singano ya kutentha imene ili pa dashibodi imanena za madzi a mu injini basi. Giyabokosi ya otomatiki ikhoza kumapsa pansi pa galimoto singanoyo ili phee pakati. N'chifukwa chake madalaivala ambiri amadzazindikira vutoli mochedwa, galimoto itayamba kale kukana kukoka. Akafika ku galaja, mawu oyamba amakhala akuti giyabokosi yatha, igulidwe ina. Nthawi zina n'zoona. Koma kutentha kumakhala ndi gwero lake, ndipo mukaika giyabokosi ina gwerolo lilipobe, nayonso idzapsa chimodzimodzi.

Oyilo wa mu giyabokosi, amene amakaniko amangoti ATF, ali ndi ntchito yambiri kuposa wa mu injini. Amafewetsa zitsulo, ndiye amakankha makilatchi kuti giya ilowe, ndiye amanyamula mphamvu ya injini kudzera mu torque converter (chipangizo chodzaza oyilo chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi), komanso ndiye amatulutsa kutentha kunja. Amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 80 ndi 95. Akadutsa 120 amayamba kupsa n'kumasiya utomoni m'timipata ta mavavu, ndipo masilu a labala amauma. Chakumadigiri 140 mpaka 150 makilatchi amaterereka. Choipa chake n'chakuti kilatchi yoterereka imabala kutentha kwina, kutenthako n'kumapyapyalitsanso oyilo, oyilo wopyapyala n'kumalephera kugwira kilatchi. Zikayamba zimathamanga.

Zizindikiro n'zosabisika kwa munthu amene amamvetsera galimoto yake. Mumamva fungo la chinthu chopserera mukangotsika. Giya imachedwa kulowa mukachoka pa P kupita pa D, kapena imalowa mwa chigugu. Mukaponda moto injini imalira kwambiri koma liwiro silikuwonjezeka. Pa Toyota ndi Subaru zambiri pamayaka nyali yolembedwa kuti A/T OIL TEMP, pa Honda chilembo D chimathwanimathwanima, ndipo magalimoto ena amangodzitsekera mu giya imodzi, yachiwiri kapena yachitatu, pofuna kudziteteza. Ngati zonsezi zimachitika galimoto ikayenda mtunda ndithu koma m'mawa imayenda bwinobwino, kutentha ndiye woyamba kumukayikira.

Nyali ikayaka muli pa msewu, patukani pamalo abwino, ikani pa P, koma injini musaizimitse. Ambiri amazimitsa poganiza kuti akuipumitsa, pamene pampu ya oyilo imazungulira ndi injini, ndiye ikaima oyilo wotentha uja amangokhala m'katimo osapita kokazizira. Isiyeni izilira payokha mpaka nyali izime. Zimitsani pokhapokha ngati mukuona utsi, oyilo akuchucha pansi, kapena injini nayonso yawira. ATF akagwera pa ekizozi yotentha amayaka moto. Chivindikiro cha ladiyeta musachikhudze panthawiyi.

Kufufuza kwenikweni kumayambira pa dipisitiki, kandodo koyezera oyilo, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri, chifukwa amayeza ngati mmene amayezera oyilo wa injini. Pa magalimoto ambiri muyenera kuyamba mwayendetsa galimoto mpaka itenthe, n'kuiimika pamalo athyathyathya, injini ikulira. Mutaponda buleki, dutsitsani ndodo ya giya m'malo onse pang'onopang'ono n'kubwerera pa P. Kenako tulutsani dipisitiki, pukutani, bwezerani mpaka pansi, tulutsaninso. Oyilo akhale pakati pa timizere tolembedwa kuti HOT. Honda zambiri zimayezedwa injini itangozimitsidwa kumene, ndipo magalimoto ena amayezedwa pa N, choncho buku la galimoto yanu ndilo liweruze. Magalimoto atsopano ambiri alibe n'komwe dipisitiki. Amayezera pa bawuti ya pansi kapena ya m'mbali, oyilo atafika kutentha kumene kampani inalamula, ndipo imeneyi ndi ntchito ya makaniko amene ali ndi kompyuta yowerengera kutenthako.

Oyilo akachepa, pampu imayamwa mpweya, makilatchi n'kumagwira mwa theka. Ndiye funani kumene akutulukira: pa gasiketi ya sampu (beseni la oyilo la pansi pa giyabokosi), pa masilu a ma shaft (zitsulo zopititsa mphamvu ku matayala), pamene mapaipi opita ku ladiyeta alumikizidwa, kapena pakati pa injini ndi giyabokosi. Giyabokosi siwotcha oyilo ngati injini. Akachepa ndiye kuti penapake akudontha, kuwonjezera kokha sikuchiza. Kuchulutsa nako n'kulakwa. Zitsulo zozungulira zimamumenya oyiloyo mpaka achite thovu, ndipo thovu silikankha kilatchi, silinyamulanso kutentha. Mukaona timathovu pa dipisitiki, ganizirani zimenezi.

Tsopano donthezani oyiloyo pa kapepala koyera, mumuyang'ane padzuwa, mumununkhize. Wabwino amakhala wofiira ndi woonekera mkati, ngakhale mitundu ina imabwera yachikasu kapena yobiriwira kuchokera kufakitale. Wofiirira koma wosanunkha kupsa ndi wokalamba chabe, asinthidwe. Wakuda, wonunkha kupserera, wokhala ndi timizidutswa takuda tomveka pakati pa zala, akukuuzani kuti makilatchi ayamba kudyeka. Ndipo akakhala wotuwa, wapinki ngati wathiridwa mkaka, imikani galimotoyo lero lomwe. Ndiye kuti madzi a mu ladiyeta alowa mu giyabokosi. Madzi amamatula zomatira za pa makilatchi, ndipo tsiku lililonse limene mukuyendetsa likuchepetsa mwayi woipulumutsa.

Madziwo amalowa bwanji? Pa magalimoto ambiri choziziritsira oyilo wa giyabokosi chili m'kati mwa thanki ya ladiyeta. Mukasuzumira pansi kapena m'mbali mwa ladiyeta muona timapaipi tiwiri tating'ono tochokera ku giyabokosi, kena kobweretsa oyilo wotentha, kena komubweza atazizira. Khoma lolekanitsa oyilo ndi madzi likachita dzimbiri n'kubooka, ziwirizi zimasakanikirana. Apa mukuonanso kuti giyabokosi imadalira thanzi la ladiyeta. Madzi akachepa, fani ikafa, timipata ta kutsogolo tikatsekeka ndi matope ndi udzu, giyabokosi ilibe kotayira kutentha kwake. Ndaona anthu akumasula giyabokosi yonse pamene cholakwika chinali fyuzi ya fani. Tsatirani timapaipi tija kuyambira pa giyabokosi mpaka pa ladiyeta, muone ngati palibe pamene panaphwanyidwa ndi mwala kapena pamene labala inapindika. Galimoto itatentha, kapaipi kobwerera kayenera kukhala kozizirirapo kusiyana ndi kopita. Kakakhala kozizira kwambiri pamene kanzake kakuwotcha, oyilo sakudutsa, choziziritsira chatsekeka. Samalani ndi fani poika dzanja pamenepo, imadzuka yokha.

Njira yotayira kutentha ikakhala yabwino, funso limasanduka lakuti n'chiyani chikubala kutentha kochuluka chonchi. Gwero lalikulu ndi torque converter. Injini imazunguza oyilo, oyilo n'kuzunguza giyabokosi, ndipo pamene mbali ziwirizi zikusiyana liwiro, mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha. Pofuna kuchepetsa zimenezi, muli kilatchi ina imene imamanga mbali ziwirizo pamodzi galimoto ikafika pa liwiro lokhazikika. Mukhoza kuiyesa nokha pa msewu wowongoka. Muli pa liwiro la makilomita 80 pa ola, onjezerani moto pang'ono chabe mukuyang'ana singano ya ma rev, yosonyeza mmene injini ikuzungulirira. Ikakwera limodzi ndi liwiro, kilatchiyo yagwira. Ikadumpha liwiro lili pomwepo, mwina sikugwira, ndipo galimoto yotere imatentha pa ulendo wautali ngakhale ilibe katundu. Kompyuta yowerengera zolakwika imathandiza kutsimikiza: nambala ya P0741 imanena za kilatchi imeneyi, P0218 imanena za kutentha kopitirira, ndipo P0711 mpaka P0713 zimaloza sensa yoyeza kutenthayo kapena mawaya ake. Sensa yonama imayatsa nyali giyabokosi ili bwinobwino. Ikamawerenga madigiri okwera m'mawa galimoto isanalire, wolakwa wapezeka.

Kayendetsedwe nako kali ndi mbali yake. Kugwira galimoto pa chitunda ndi moto m'malo mwa buleki, kukoka ngolo yolemera, kudzaza katundu kupitirira muyezo, kuvala matayala aakulu kuposa amene inabwera nawo, mabuleki ogwirira, zonsezi zimagwiritsa torque converter ntchito yoterereka. Pa chitunda chachitali mukamva giya ikungosinthasintha, kukwera n'kutsika, itsitseni nokha kapena zimitsani O/D (giya yapamwamba kwambiri) kuti ikhazikike. Mukatitimira m'matope, kusinthanitsa D ndi R mofulumira matayala akungozungulira kukhoza kuwotcha oyilo m'mphindi zochepa. Yesani kawiri katatu, zikakanika funani chingwe. Amene muli ndi 4L, giya yotsika ya magalimoto okoka ndi matayala onse anayi, igwiritseni ntchito mu mchenga.

Pa kukonza, yambani ndi zotchipa. Tsekani podontha, konzani fani, tsukani ladiyeta, kenako sinthani oyilo ndi sefa. Sampu ikamasulidwa yang'anani maginito amene ali pansi pake. Phala lotuwa losalala ndi la masiku onse. Tizitsulo tonyezimira tolasa chala ndi uthenga wakuti m'kati mwasweka kanthu, ndipo oyilo watsopano sabweza zimenezo. Dziwaninso kuti kukhetsa pa sampu kumangotulutsa gawo limodzi mwa atatu kapena theka la oyilo, wotsalayo amakhalira mu torque converter ndi m'mapaipi. Choncho oyilo akakhala wakuda, ndi bwino kukhetsa ndi kuthira kawiri kapena katatu, mukuyendetsako pakatipo. Ine sindilimbikitsa kutsuka ndi makina okankha mwamphamvu pa giyabokosi yokalamba imene sinasinthidwepo oyilo, chifukwa zinyalala zosunthidwa zimakatseka mavavu. Galimoto yogwira ntchito yolemetsa izisinthidwa oyilo pa makilomita 40,000 mpaka 60,000 alionse, ngakhale wina atakuuzani kuti oyilo wake ndi wamuyaya.

Mtundu wa oyilo si nkhani yongoyang'ana kufiira. Dexron, Mercon, T-IV ndi WS za Toyota, DW-1 ya Honda, aliyense anapangidwira makilatchi ake. Choopsa kwambiri ndi kuthira ATF wamba mu giyabokosi ya CVT, imene imayendera lamba wachitsulo ndipo imafuna oyilo wakewake, monga NS-2 kapena NS-3 pa Nissan. Dzina loyenera limalembedwa pa dipisitiki kapena m'buku.

Choziziritsira chowonjezera chili ndi malo ake: galimoto imene ilibe vuto lina koma imakoka ngolo kapena kukwera mapiri ndi katundu. Chimangidwe kutsogolo kwa ladiyeta kumene mphepo imawomba, ndipo kawirikawiri amachilumikiza pa kapaipi kobwerera, oyilo ayambe wadutsa mu ladiyeta. Mukachiika, yezaninso oyilo chifukwa chimamwako wina. Kuchiika pa giyabokosi yoterereka n'kungozimitsa nyali, makilatchi akupitiriza kudyeka.

Ngati oyilo ali pa muyezo wake, choziziritsira chikudutsa bwino, koma giya ikutererekabe, nthawi yomasula yakwana. Makaniko ayambe wayeza mphamvu ya pampu ndi geji asanatsitse giyabokosi, chifukwa solenoid (kachipangizo kamagetsi kotsegula ndi kutseka njira ya oyilo) kapena vavu yokakamira imakonzeka giyabokosi ili pomwepo. Popita ku galajako musaikoke ndi chingwe mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi injini ili chizimire, popeza zitsulo zimazungulira popanda oyilo. Inyamulidwe. Ndipo giyabokosi ikakonzedwa kapena kusinthidwa, uzani makaniko atsuke mapaipi ndi choziziritsira, kapena aike chatsopano, chifukwa zinyalala za giyabokosi yakale zimabisala m'menemo n'kulowa mu yatsopano injini ikangolira.