Mukamati Madzi Akokolola, Akokololera Kuti?

Mvula yoyamba itangogwa chaka chino, ndinayenda m'mbali mwa mtsinje umene alimi ambiri a m'dera langa la ntchito amathiririra mbewu zawo. Zimene ndinaona zinandiwawa mtima. Pamene mtsinje umadutsa pansi pa msewu, pakamwa pa kalavati panali patatsekeratu: majumbo, mabotolo a zakumwa, matumba a feteleza ong'ambika, machubu akuda a mbande, matewera a ana, ngakhale timabotolo ta mankhwala opopera tokhala ndi chizindikiro cha chigaza. Madzi atasowa podutsa anabwerera m'mbuyo n'kumiza madimba a kumtunda, ndipo pamene anadzibowolera njira m'mbali mwa msewu anakokolola nthaka yapamwamba ya minda ya kumunsi. Mbewu zikakhala m'madzi masiku angapo mizu imasowa mpweya, masamba amachita chikasu, kenako zimawola. Ntchito ya miyezi iwiri inathera pamenepo.

Alimi anzanga, zinyalala zonsezi sizinagwe kumwamba. Tinazitaya tokha m'chilimwe, khwawa lili louma, tikumati mvula ikabwera ikokolola. Mawu amenewa ndatopa nawo. Makolo athu ankataya makoko, mapesi ndi masamba, zinthu zimene chiswe chimadya n'kutha. Ife tatengera dzanja lotaya lomwelo, koma zimene tikutaya ndi pulasitiki, ndipo pulasitiki sawola. Dzuwa limangomufewetsa, madzi n'kumuswa kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, tina tosafika n'komwe mamilimita 5, timene timalowa m'matope, m'mimba mwa nsomba ndi m'madzi amene timatunga. Kafukufuku amene wasayansi wa ku America Jenna Jambeck ndi anzake anasindikiza mu 2015 anayerekeza kuti m'chaka cha 2010 chokha, matani pafupifupi 8 miliyoni a pulasitiki analowa m'nyanja zazikulu kuchokera kumtunda. Musamve ngati nkhani yakutali, chifukwa jumbo lililonse limayambira m'dzanja la munthu mmodzi. Ku Bangladesh boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2002 litaona kuti ankatseka ngalande n'kukulitsa kusefukira kwa madzi. Kalavati yathu ija ndi nkhani yomweyo.

Ndipo kusefukira n'kumene kumaoneka msanga, zina zimabwera mwakachetechete. Madzi akatsekeredwa amasiya zithaphwi, udzudzu n'kupeza poswanirana, nkhono zofalitsa likodzo nazonso zimakonda madzi oyenda pang'onopang'ono. Amene muli ndi mapampu mukudziwa mmene jumbo limodzi likamatira pa sefa limazunzira injini. Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi timabotolo ta mankhwala tija. Botolo limene mukuti latha silinathe, m'kati mumatsala madontho okwanira kupha nsomba ndi achule pa dziwe laling'ono, ndipo mwana akalipeza amalitsuka pang'ono n'kumamweramo madzi.

Tsiku limenelo ndinakumana ndi bambo wina amene ndakhala ndikugwira naye ntchito zaka zambiri. Anandiuza za ng'ombe yake yamkaka. Inayamba kuonda, kudya mochita kunyinyirika, kubzikula n'kusiya, mimba ili tuu. "Alangizi, ine ndinkati ndi nyongolotsi," anatero, "ndinaimwetsa mankhwala kawiri koma osasintha." Itafa anaing'amba, ndipo m'chifu anapezamo chimpira cha majumbo ndi zingwe zitapotanapotana, cholimba moti anachita kuchitulutsa ndi manja awiri. Ng'ombeyo inkamwa madzi ndi kudya msipu m'mbali mwa khwawa lomwelo. Anaweramitsa mutu n'kunena kuti ena mwa matumbawo anawazindikira, anali a pakhomo pake.

Chinandigwira mtima ndi mwana wawo wamkazi, wa kusekondale. Kuyambira pamene ng'ombeyo inafa, Loweruka lililonse m'mawa amatenga thumba ndi ndodo yokhoma msomali kunsonga, n'kutsika kumtsinje kukatola zinyalala. Ndinamupeza ali m'madzi ofika m'mawondo akukoka thumba lodzaza matope limene linakodwa m'mizu ya bango. Anandionetsa kabuku kamene amalembamo matumba amene wadzaza ndi malo amene zinyalala zimaunjikana kwambiri, ndipo malo ake ndi omwewo sabata ndi sabata: pokhotera mtsinje, pochapira, ndi kuseri kwa nyumba zoyandikana ndi khwawa. Ndiye anthu akuluakulu, a imvi zawo, amamuseka kuti wasowa chochita. Ena amafika pomuitana kuti abwere adzatole zimene angotaya kumene. Zimenezi n'zochititsa manyazi. Mwanayu akutiyeretsera madzi amene timathirira mbewu zathu, ndipo yekha sangatithe, chifukwa zimene amatola m'mawa umodzi ife timazibwezera tsiku lomwelo lisanade.

Tsono chochita. Khwawa muziliyeretsa mvula isanayambe, muyambire kumtunda kutsikira kumunsi, ndipo mvula yamphamvu ikagwa pitani mukaone pakamwa pa kalavati ndi pa ngalande. Botolo la mankhwala likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire m'sipuleya kuti akapopedwe m'munda, kenako liboleni kuti wina asaligwiritsenso ntchito, n'kulibweza kumene amasonkhanitsa mabotolo otere kapena kulisunga potsekeka mpaka mlangizi wanu akuuzeni kolipititsa. Machubu a mbande ndi matumba muziwatola tsiku lomwe mwawokera, ambiri amagwiranso ntchito chaka chamawa. Zowola zipite ku kompositi. Pulasitiki musamuotche, utsi wake ndi woipa m'mapapo. Dzala likhale kutali ndi madzi, pamalo okwera. Achinyamata amene akutola muwapatse magolovesi ndi magambutsi, asalowe m'madzi othamanga, asagwire majakisoni ndi magalasi osweka ndi manja, akamaliza asambe ndi sopo. Ndipo Loweruka likubwerali, banja lililonse lokhala m'mbali mwa mtsinje litumize munthu mmodzi ndi thumba lake.