Momwe wophunzira udokotala ku Tete angaphunzirire AI osataya nzeru zake

Kuchokera pamene ChatGPT, pulogalamu ya AI yocheza nayo, inatuluka mu Novembala 2022, ophunzira zachipatala ambiri akumafunsa foni asanatsegule buku, ndipo ku Tete kuno, kumene mabuku atsopano ndi ochepa komanso dokotala mmodzi amaona odwala ochuluka, mchitidwewu ndi womveka. Ndikulembera inu amene muli ku Faculdade de Ciências da Saúde ya UniZambeze, komanso amene mukuphunzira ku Instituto de Ciências de Saúde, makamaka ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, chifukwa ndinu amene mudzabwerere kukathandiza anthu oyankhula chinenero chathu.

Yambani ndi kumvetsa chimene makinawa amachita. AI, imene pa Chipwitikizi amaitchula IA, ndi pulogalamu ya pakompyuta imene inaphunzitsidwa ndi zitsanzo zambirimbiri kuti izitha kulosera yankho. Yocheza nayo ija imalumikiza mawu molingana ndi zomwe inaona m'zolembedwa, choncho imatha kunena zabodza molimba mtima chimodzimodzi ndi mmene imanenera zoona, mpaka kupeka dzina la kafukufuku yemwe sanachitikepo. Palinso mtundu wina umene umawerenga zithunzi. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere, monga CAD4TB ndi qXR, angagwiritsidwe ntchito powerenga zithunzi za X-ray za pachifuwa pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Zimenezi zikutikhudza kwambiri m'chigawo chino chimene chili ndi migodi ya malasha ku Moatize komanso akatswiri owerenga zithunzi ochepa. Koma dziwani kuti pulogalamuyo imangopereka nambala yosonyeza kukayikira, ndipo munthu amene nambala yake yakwera ayenera kuperekabe makhololo kuti akayezedwe ndi makina a m'labotale otchedwa GeneXpert.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yoti muziganiza kaye nokha musanafunse. Mukaona wodwala pa nthawi ya estágio, pamene mukuphunzira ntchito m'chipatala, lembani m'kope zomwe mwapeza, matenda atatu amene mukuwaganizira, ndi chimene mungachite pa chilichonse. Mukatero m'pamene mufunse makinawo, kenaka muyerekeze mayankho awiriwo ndi malangizo a unduna wa zaumoyo, MISAU. Tiyerekeze kuti mwana wolemera makilogalamu 17 wabwera ndi thupi lotentha, kachipangizo koyezera magazi mwachangu ka TDR kasonyeza malungo, ndipo akumwa ndi kudya bwinobwino. Inu muyenera kudziwa pamtima kuti mwana wa makilogalamu 15 mpaka 24 amalandira mapilitsi 2 a Coartem kawiri pa tsiku kwa masiku 3, komanso kuti akayamba kukomoka kapena kusanza chilichonse chimene wamwa, amafunika jakisoni wa artesunate. Makinawo akakupatsani mlingo wina, kapena akatchula mankhwala amene m'nyumba yosungira mankhwala ya kwanu mulibe, lembani kusiyanako ndipo mukafunse mphunzitsi wanu chifukwa chake. Phunziro lenileni lagona pakusiyanapo. Wophunzira amene amayamba ndi kufunsa foni amazolowera kungovomera, ndipo tsiku limene magetsi adzathima kapena netiweki ya Movitel idzasowe ku chipatala chakumudzi, adzaima manja ali lende pamaso pa mayi amene wanyamula mwana wodwalika.

Nkhani ya chinenero ndiyo imandidetsa nkhawa koposa zonse. Inu mumaphunzira m'Chipwitikizi, makinawa anaphunzira kwambiri m'Chingerezi, pomwe agogo ochokera ku Dómuè amalongosola ululu wawo m'Chichewa. Agogowo akati “ndili ndi malungo”, kawirikawiri amatanthauza kuphwanya kwa thupi kapena kutentha kulikonse, osati matenda ofalitsidwa ndi udzudzu okha. Akati “mtima ukundiwawa”, yang'anitsitsani pamene aika dzanja, pakuti ena amaloza pamwamba pa mimba, ndipo ena akunena za chisoni cha maliro amene anawagwera. Mawu akuti “mutu waukulu” nawonso ali ndi tanthauzo lake limene makina omasulira angathe kulisandutsa mutu wotupa. Choncho musalole kuti pulogalamu ikumasulireni madandaulo a wodwala. Funsani nokha mwaulemu kuti, “Agogo, tandilozereni pamene pakupweteka,” ndipo mukamvetsa ndi pamene mungalembe m'mawu achipatala. Ndi bwino kuti inu ndi anzanu a m'kalasi musunge kabuku ka mawu otere, a Chichewa ndi a Chinyungwe omwe, pamodzi ndi zomwe odwalawo anapezeka nazo pomaliza.

Zithunzi za khungu nazonso muzichenjera nazo, chifukwa zambiri zimene mapulogalamu anaphunzirira ndi za anthu a khungu loyera, ndipo zidzolo zomwe zimafiira pa khungu lotero zimaoneka zakuda kapena zotuwa pa khungu lathu.

Chinsinsi cha wodwala chisatuluke m'chipatala kudzera pafoni yanu. Musalembe dzina lake, mudzi wake, nambala yake ya NID yomuzindikirira kumene amalandira ma ARV (TARV), kapena kutumiza chithunzi cha nkhope yake, pakuti zomwe mwalemba zimakasungidwa pa makompyuta a kampani yakunja ndipo simungathe kuzibweza. Kunena kuti “mwamuna wa zaka za m'ma 40 wotsokomola kwa masabata 3” n'kokwanira pophunzira. WHO inatulutsa malangizo a kagwiritsidwe ntchito koyenera ka AI pa zaumoyo mu 2021, ndi ena okhudza mapulogalamu ocheza nawowa mu Januwale 2024, ndipo ndi oyenera kuwawerenga pagulu, ngakhale chigawo chimodzi pa sabata.

Pa nkhani ya mamega, amene kwa wophunzira ndi ndalama ya ndiwo, gwirizanani anthu anayi kapena asanu, mukonze mafunso anu papepala musanayatse intaneti, ndipo musunge pafoni malangizo a MISAU kuti muziwawerenga ngakhale popanda netiweki. Ntchito imene makinawa amaigwira bwino ndi yokufunsani mafunso. Auzeni kuti akhale ngati wodwala amene ali ndi shuga kapena mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri, inu muziwafunsa monga mungachitire m'chipinda choonera odwala, ndipo pomaliza mnzanu mmodzi atsegule buku n'kuona zomwe mwaiwala kufunsa. Zimene zatsala zosamveka muzitengere kwa dokotala woyang'anira mawa lake m'mawa, pa nthawi yoyendera odwala m'mawodi.